Nsomba Zosadulidwa Mchira

Mvula imene inagwa Lamulungu lonse inali itakata, koma m'mawa wa Lolembalo kumwamba kunali kudakali bii, ndipo madzi ankadonthabe kuchokera pa malata a labotale ya pakoleji pathu. Dzuwa linali lisanaoneke pamene ndinatsegula chipinda cha mathanki ndi kupeza nsomba zonse zikuyandama, mimba zili m'mwamba.

Sindinakuwe. Sindine munthu wokuwa. Kunyumba amanditchula kuti Chete kuyambira ndili mwana. Ndinangothimitsa kapampu kouzira mpweya m'madzi, poti panalibenso wofuna mpweyawo, ndi kukhala pa mpando kudikira Adokotala.

Ndiyenera kufotokoza za nsombazo, kuti chimveke chifukwa chimene munthu wamkulu anakhalira ngati wofedwa kaamba ka tinthu tosaposa chala. Mtsinje wa m'tauni mwathu umadutsa m'mphepete mwa mgodi wa mkuwa. Kumtunda kwa mgodi muli zamoyo zamitundumitundu. Kumunsi kwake munatsala mtundu umodzi wokha wa tinsomba, ndipo nato ndi tochepa msinkhu, toikira mazira owerengeka. Eni mgodi ankati nsomba zamoyozo ndi umboni wakuti madzi ndi abwino. Ife tinkati ayi: madzi anapha zonse zimene sizinkapirira mkuwa, ndipo zotsalazo zinapatsira ana awo chibadwa chosinthika. Pofuna kutsimikiza, ndinaweta nsomba za kumunsizo m'madzi abwino. Zinaswa, ana awo anaswanso, mpaka panabadwa zidzukulu zimene sizinalawepo mkuwa. Zidzukuluzo ndinaziika m'madzi otunga kumunsi kwa mgodi, ndipo zinakhala ngati zafika kwawo. Ntchito imeneyi inandidyera zaka zitatu. Mawa lake, Lachiwiri, kunkabwera akatswiri a ku labotale yaikulu kudzaziona zamoyo ndi kudzatenga okha tizidutswa tokayeza, pakuti a mgodi anakana kukhulupirira chilichonse choyezedwa ndi manja athu. Popanda nsomba zamoyozo, tinalibe chowaonetsa.

Adokotala, amene amayang'anira labotale yathu, ndi mayi wamfupi woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Anaima pakhomo, nayang'ana thanki, nayang'ana ine.

"Wina wathira mankhwala," anatero. "Musakhudze chilichonse. Ndikuitana apolisi."

Amene anabwera anali sajeni wamkazi, wamkulu thupi, wosafulumira, atanyamula ambulera wopindika.

"Pa ntchito yangayi ndafufuzapo imfa ya mbuzi, ya galu, ngakhale ya tambala wa abusa," anatero akukutumula ambulerayo pakhonde. "Ya nsomba ndiyamba lero. Ofedwa ndi ati?"

Adokotala anandiloza.

"Pepani, achimwene. Za maliro tikamba pambuyo. Loko sanathyole, mawindo ali ndi zitsulo. Makiyi amasunga ndani?"

"Ine ndi iwowa basi," Adokotala anayankha. "Ine dzulo ndinali kuchipatala ndi mayi anga kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kiyi ali m'chikwama. Kafunseni anamwino, sangandiiwale, ndinawatopetsa. Koma musataye nthawi ndi ife. Pitani kumgodi."

"Tifikako, mayi. Msewu wa kumgodi suthawa. Nanga inu, achimwene?"

Ndinati ndinali kunyumba kwa achemwali anga, kumene ndimakhala, ndili gone m'chipinda changa chifukwa mutu unkandipweteka.

"Anakuonani ndani muli gone?"

"Palibe."

"Kuipa kwa tulo n'kumeneko," Sajeni anatero. "Munthu amagona wopanda mboni. Tiyeni tikaone alonda."

*

Mlonda wa pageti la koleji ndi bambo wachikulire amene sathimitsa wayilesi ngakhale akulankhula ndi munthu. Sajeni anachita kuwathimitsira okha.

"Dzulo? Dzulo ndinalipo, mayi, ine Lamulungu ndilibe. Mvula ija munaiona? Denga la kanyumba aka ndanena kangati kuti likudontha, Adokotala ndi mboni. Ndinachita kuunjikana pakona apa ngati nkhuku yachitopa, wayilesi nditaibisa m'malaya, chifukwa ikanyowa iyi ndani angandigulire ina..."

"Analowa ndani, bambo?"

"Palibe. Mlendo aliyense ayi. Kupatula bwana wamng'onoyu basi."

Anatero akuloza ine.

"Masana, mvula ili pakati," anapitiriza mosangalala. "Jekete lawo lachikasu lija, chipewa chake atavindikira kumaso, ndowa m'manja. Analowa, anakhalitsako pang'ono, anatuluka, ndowa ili m'manja."

"Nkhope munaiona?"

"Nkhope ya chiyani, mayi? Ndinapereka moni, sanayankhe, anangokweza dzanja. Ndiye ndinati ndi iwowo. Pakoleji pano winanso ndani amayankha moni ndi dzanja?"

Sajeni anaseka. Adokotala sanaseke. Ananditengera pambali, pansi pa mtengo umene unkatidonthezera madzi m'khosi.

"Ndinakutengani muli chaka chomaliza, ndipo ndinakumenyerani nkhondo kuti mulembedwe ntchito," anatero motsitsa mawu. "Ngati pali amene anakuopsezani, ndiuzeni tsopano. Mawa alendo akapeza thanki ya mitembo, ine ndikayankha pamaso pa akuluakulu, koma inu simudzalowanso mu labotale iliyonse."

Ndinafuna kunena zambiri. Zonse zinaunjikana pakhosi ngati anthu othawa moto pakhomo limodzi, ndipo panatuluka mawu awiri okha.

"Si ine."

*

Sajeni anabwerera nane m'chipinda cha mathanki. Anawerama pa galasi, manja ali kumbuyo, ngati munthu wosuzumira m'chitsime.

"Madzi oyera bwanji. Kuposa a pampopi wa kwathu."

"Ndi oyera chifukwa simumera kanthu," ndinatero. "Ndi a kumunsi kwa mgodi. Onani thanki iyo ya madzi abwino, yabiriwira ndi ndere."

"Chikwangwani chonena zimenezo chili kuti?"

Ndinawaonetsa kansalu kofiira kamene ndinamanga pa paipi ya thankiyo. M'chipindamo timalowa anthu awiri okha, ndipo tonse timadziwa tanthauzo lake. Sindinaganizepo kuti pangafunike kulembera munthu wachitatu.

"Tandiuzani, achimwene. Zaka zonsezi mukuzidyetsa. Mumazizindikira? Mwini mbuzi amadziwa mbuzi yake ngakhale itasendedwa."

Chifikireni m'mawa ndinali ndisanaziyang'anitsitse. Ndinkazizemba monga munthu amazembera nkhope ya m'bale wake m'bokosi. Ndinavala magolovesi, ndinavuula imodzi ndi kaukonde, ndi kuigoneka pachikhatho. Inali yonenepa kuposa mmene ndinkaikumbukira. Kenako ndinaona mchira.

Poyeza chibadwa cha nsomba sitiipha. Timadula kansonga ka mchira ndi lumo, kochepa ngati chikhadabo cha khanda, ndipo m'kansongamo muli zonse zimene nsombayo inatengera kwa makolo ake. Mchira umaphukanso, koma umatenga nthawi. Zanga ndinali nditazidula mlungu wathawo, imodziimodzi, mbali ya pamwamba ya mchira. Imene inali pachikhatho panga inali ndi mchira wathunthu. Ndinavuula ina, ndi ina, ndi inanso.

"Izi si nsomba zanga," ndinatero.

Adokotala ataitanidwa anaviika choyezera m'madzi, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Madzi ali mmene tinawasiyira Loweruka. Palibe chathiridwa."

"Ndiye zafa ndi chiyani?" Sajeni anafunsa.

"Izi ndi za kumtunda kwa mtsinje," ndinayankha. "Mtundu ndi womwewo, maonekedwe ndi omwewo, koma makolo awo sanakumanepo ndi mkuwa. Zaphedwa ndi madzi amene zanga zimasambiramo tsiku ndi tsiku."

Sajeni anawongoka pang'onopang'ono, atagwira m'chiuno.

"Ndiye mlanduwu wasintha dzina. Si kupha, ndi kuba. Ndipo wakubayo ndi waulemu, watenga zanu n'kusiya zake. Ankafuna chiyani?"

"Kuti alendo mawa adule michira ya nsomba wamba, akayeze, apeze kuti palibe chasintha, ife tioneke abodza," Adokotala anatero. Anandiyang'ana, ndipo mawu awo anafewa. "Munthu wodziwa za kansalu kofiira sakanachita zimenezi. Pepani."

"Kupepesa kudikire," Sajeni anatero. "Ngati izi si zanu, zanu zili kwina. Zamoyo kapena zakufa, sindikudziwa. Ndipo wa kumgodi wophunzira, wotumidwa ndi mabwana, akanayamba wayeza madzi. Ameneyu anangokhulupirira maso ake. Jekete lanu limakhala kuti?"

"Kunyumba, pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Kiyi amakhala m'thumba mwake. M'mawa uno ndalipeza pomwepo. Linali lonyowa, koma sindinaganize kanthu."

"Tibwerere kwa a wayilesi aja."

*

"Munthu wa dzulo uja, bambo," Sajeni anafunsa, dzanja lili pa wayilesi, "palibe chimene anachita chimene bwana wamng'onoyu sachita?"

Mlonda anaganiza, akuyang'ana denga lake lodontha.

"Aa, mayi, mwandikumbutsa. Ndinawauzanso amayi akunyumba madzulo. Potuluka, atafika pa galimoto ya koleji iyi, anaima, n'kumenya tayala ndi phazi. La kutsogolo, kenako la kumbuyo. Ndinati kani bwana wamng'ono ayamba kuphunzira kuyendetsa. Tiyamika, mwina adzatikwezako tisanafe."

Ndinayang'ana pansi. Ndimadziwa munthu mmodzi yekha amene sangadutse tayala osalimenya, kaya la galimoto, kaya la njinga, kaya la wilibala ya eni ake. Ndi munthu amene anandisenzera sutikesi tsiku limene ndinkayamba koleji, amene anachotsa zitsulo zake m'chipinda cha kuseri kuti ine ndipeze pogona. Ndimadya naye pa tebulo limodzi.

"Achimwene," Sajeni anatero osandiyang'ana, "pakamwa mwatseka, koma nkhope mwaiwala kutseka. Tiyeni kunyumba."

*

Achemwali anga amasoka zovala pakhonde la nyumba. Tinawapeza akupalasa makina, mimba itakula kale moti ankafikira nsalu motambasula manja.

"Chete, wabwera ndi apolisi? Iwe? Walakwa chiyani, wakana kuyankha moni wa munthu wamkulu?"

Sajeni anakhala pa benchi ya makasitomala, nafunsa za Lamulungu.

"Ine ndinapita kukapereka madiresi kwa eni ake, mvula inanditsekera komweko. Uyu ndinamusiya ali gone, atadzifunditsa mpaka kumutu ngati mtolo. Abambo akunyumba anati akupita kuntchito kukatsuka thankala yawo, anatenga njinga."

"Amagwira kuti?"

"Kumgodi. Amayendetsa thankala yothira madzi m'misewu kuti fumbi lisavute. Koma mayi, poti mwabwera nokha, inenso ndili ndi mlandu wanga. Katani wa pawindo la kukhitchini, wa timabowo uja, ndinasoka ndekha. Dzulo ndikubwera palibe. Lero m'mawa ndikumupeza pa chingwe kuseri, wonyowa, wamatope, akununkha..."

Anasiya kupalasa. Anandiyang'ana, nayang'ana Sajeni, ndipo dzanja lawo linapita pamimba.

"Akununkha chiyani, mayi?"

"Nsomba," anatero pang'onopang'ono. "Chete, nsomba zako zili bwanji?"

Ndinawauza mwachidule, maso anga ali pa ulusi umene unagwa pansi.

"Thankala imeneyo madzi imatunga kuti?" Sajeni anafunsa.

"Pa mlatho wa kumtunda kwa mgodi," ndinayankha. "Pamenepo tinsombati timachuluka m'mphepete."

Achemwali atayambanso kulankhula, nthabwala zinali zitatha.

"Masiku onsewa alamu akowa sakugona. Anzawo kuntchito akumawanena kuti akuweta m'nyumba munthu wodzatseketsa mgodi. Ndinawauza kuti mufunseni mwini wake, iwo akuti afunsa bwanji munthu wa mabuku, angaoneke mbuli. Iwe wosalankhula, iwo osafunsa, ine pakati ngati chitseko." Anapukuta maso ndi nsalu ya kasitomala. "Mayi, ngati n'kumangidwa, amangidwe atabweza nsomba za mwanayu. Tengani kataniyo, mwina mukamufuna."

*

Adokotala anatiyendetsa pa galimoto ya koleji. Msewu wa kumgodi si wautali, koma ndi wa maenje okhaokha, ndipo mvula inali itawadzaza moti sankaoneka kuya kwake. Katani anali pamiyendo pa Sajeni, ndipo fungo lake linadzaza galimoto.

Pageti la mgodi panali mtsikana wa yunifolomu amene ankatulutsa mawu ngati akuwagula.

"Dalaivala wa thankala anabwera dzulo?"

"Anabwera."

"Pa chiyani?"

"Njinga."

"Atanyamula?"

"Ndowa. Yovindikira."

"Anatsuka galimoto?"

"Lamulungu mpopi wa kugalaja amakhoma."

"Mwana wanga," Sajeni anatero, "mboni zonse zikanakhala ngati iwe, bwenzi ndikuweruka masana."

*

Mlamu wanga ndi munthu wamtali, waphokoso, woseka ndi thupi lonse. Tsikulo tinam'peza atakhala pa sitepe ya thankala, chakudya chake chili pambali chosatsegula. Ataona katani m'manja mwa Sajeni, anavula chipewa.

"Dzulo munali kuti, bambo?"

"Konkuno. Ndinkatsuka galimoto. Funsani a pageti, anandiona."

"Anakuonani, ndafunsa kale. Koma abambo akwathu nawonso ndi dalaivala, ndipo ulesi wawo ndimaudziwa. Dalaivala akaona mvula amathokoza kuti yamutsukira. Inu nokha ndi amene mumatsuka galimoto mvula ikugwa, mpopi uli wokhoma?"

Mlamu anapinda chipewa chija, nachitambasula, nachipindanso.

"Alamu," ndinatero, ndipo ndinadabwa kumva mawu anga, "sindikufunsa chifukwa. Ndikufunsa kumene zili."

"Sindinatumidwe ndi munthu," anatero akuyang'ana Sajeni, osati ine. "Zimenezo zimveke. Ndinaganiza ndekha. Ndinati nsomba ndi nsomba. Ndikaika zabwinobwino, alendo ayeza, apeza zili bwino, mgodi sutsekedwa, alamu anga ntchito yawo ipitirira, palibe wolira. Ndinachita kusankha zonenepa. Ndinazithira mosamala, madzi ake oyera ngati a m'botolo. Zinkasambira pamene ndinkatuluka."

"Zafa zonse," ndinatero.

Anandiyang'ana koyamba. "Zafa? Ndi chiyani?"

"Ndi madzi ochokera pansi pa mulu uwo." Ndinaloza phiri la miyala yotayidwa limene limaphimba galaja ndi mthunzi wake.

Anayang'ana muluwo ngati sanauonepo, iye amene amauzungulira tsiku lililonse.

"Nanga za alamu anu zili kuti?" Sajeni anafunsa.

"Kumtsinje sindikanazitaya, akanakazigwiranso, ndimawadziwa. Kuziponda ndinalephera. Ndinaima nazo, ndowa ili m'manja, zikundiyang'ana." Analoza kuseri kwa galaja. "Ndinazithira m'dzenje la simenti kuseri uku, mmene mumasonkhana madzi ochucha ku mulu asanawapope. Mmenemo ngakhale udzudzu suswana. Ndinati zifa msanga, sizivutika. Pepani, alamu. Zinatha dzulo lomwelo."

Sindinadikire zina. Ndinathamanga, ine amene sindinathamangepo pamaso pa anthu chichokereni ku pulayimale.

*

Dzenjelo ndi lalikulu ngati chipinda chogona, ndipo simenti ya m'mbali mwake inachita mawanga obiriwira ndi mkuwa. Madzi anali oyera mpaka pansi. Ndinagwada m'matope. Poyamba ndinaona zochepa zitagona pansi, zoyera mimba. Kenako pa mthunzi wa paipi china chake chinagwedezeka. Kagulu konse kanatuluka, kakutembenuka pamodzi monga kamachitira ndikafika ndi chakudya, ndipo mchira uliwonse unali wodulidwa mbali ya pamwamba.

Adokotala anafika ali wefuwefu, naviika choyezera chawo.

"Madzi awa ndi oopsa kuposa a m'thanki mwathu. Mvula yazithandiza, yawasungunula. Koma wina akayatsa pampu, kapena zikagonamonso, zatha."

Anthu a kugalaja anali atayamba kusonkhana. Makaniko wina, wamafuta mpaka m'zigongono, anasuzumira m'dzenje naseka.

"Ndiye mwaona? Nsomba zikusambira m'dzenje. Madzi athu ndi abwino, a kukoleji amangotinamizira."

Adokotala anatsegula pakamwa, koma ndinali nditaimirira kale.

"Dzulo alamu anga anaika nsomba za pa mlatho m'madzi ofooka kuposa awa, ndipo sizinaone m'mawa," ndinatero. "Izi zili moyo chifukwa makolo awo ndi okhawo amene anatsala pamene zinzawo zonse zinafa. Zonsezi ndi zapachibale, ngati mudzi umene anthu ake onse ndi ana a bambo mmodzi. Nthenda imodzi ikabwera, idzazitenga tsiku limodzi. Sizikusonyeza kuti madzi ndi abwino. Zikusonyeza zimene madzi achita."

"Ndiye mukufuna atseke mgodi, ife tizidya nsomba zanuzo?"

"Ayi. Tikupempha damu lothiramo laimu, kuti madzi awa aziyamba aphedwa ululu asanafike kumtsinje. Madzi akakhala bwino, nsomba za kumtunda zidzatsika, zidzaswana ndi za kumunsi, mtundu udzalimbanso. Ndipo laimuyo sadzabwera ndi miyendo yake. Padzafunika omunyamula, ndi okonza magalimoto omunyamulawo."

Makaniko anakanda mutu, nasiya mafuta pachipumi. "Bwanji simunanene kale?"

"Amayankha ndi dzanja," Sajeni anatero, ndipo anthu anaseka. Ngakhale ine ndinaseka.

Mlamu sanaseke. Anali atavala kale jombo zamphira zofika m'chiuno, ndowa ya dzulo ija ili m'manja. Anatenga katani kwa Sajeni, natsikira m'dzenje pang'onopang'ono kuti asavundule madzi. Usodzi wa katani anali atauphunzira dzulo lake, ndipo sanauiwale. Ankakusa kagulu kupita pakona, nakweza nsaluyo ndi manja awiri, ine n'kulandira pamwamba ndi kuyang'ana mchira uliwonse ndisanaike m'ndowa. Makaniko uja anapita yekha kukaima pa switchi ya pampu, kuti wina asaikhudze.

Kumbuyo kwanga ndinamva Sajeni akulankhula ndi Adokotala.

"Mlandu ulipo, mayi, sindingaufufute. Kulowa ndi kiyi wa eni ake, kutenga katundu wa koleji. Koma odandaula ndinu."

Adokotala anayang'ana munthu amene anali m'dzenje, madzi akumufika m'ntchafu.

"Mawa alendo adzafuna kudziwa mmene nsomba za pa mlatho zinafera, ndi mmene izi zinapulumukira m'dzenje muno," anatero mokweza kuposa mmene pankafunikira. "A mgodi amati ife tili ndi mbali. Wantchito wa mgodi akanena ndi pakamwa pake zimene anachita ndi manja ake, adzamumvera. Sindikukakamiza munthu. Ndikudziwa kuti mabwana ake sadzamuombera m'manja. Zina tikamba akasankha."

Mlamu anaima pang'ono, katani akudontha m'manja mwake. Sanatembenuke. Anaweramanso, nakusa zotsala.

Zochepa zija zinali zitafadi, ndipo ndinazikulunga m'golovesi kuti ndikaziyeze. Zina zonse zinali m'ndowa, zikupuma mofulumira, koma zili chilili. Mitambo inali itayamba kung'ambika, ndipo kadzuwa kofooka kanagwera pa madziwo.

"Ikani m'galimoto," Adokotala anatero.

"Msewu uja ndi wa maenje," ndinayankha. "Zatopa kale. Zikakhutchumuka mpaka kukoleji, zina sizifika. Ndiyenda nazo pansi."

Ndinawerama kuti ndinyamule. Ndowa inali yolemera, ndipo nditangoidzutsa madzi anagavira m'mbali. Dzanja lalikulu lonyowa linagwira chogwirira pafupi ndi langa. Ndinayang'ana mlamu wanga, ndipo iye anayang'ana nsomba. Ndinasiya.

Munthu amene wakhala zaka akuyendetsa madzi amadziwa mmene madzi amafunira kunyamulidwa. Anaidzutsa ndowayo osagwedeza, nayamba kuyenda, jombo zikulira. Anthu anam'patukira. Atafika pa galimoto ya koleji anachepetsa liwiro, ndipo phazi lake linanyamuka lokha kulunjika pa tayala. Anayang'ana madzi a m'ndowa, nalibweza phazilo pansi. Kenako anatuluka pageti, nakhotera njira ya kukoleji.